Girizi M'kabokosi ka Kangolo

Ndinakulira pa ngolo za ng'ombe kwathu kum'mawa, ndipo lamulo lomwe ndinkalidziwa linali limodzi: chilichonse cholira, chipake girizi. Nditalembedwa ntchito pafamu ina kufupi ndi Kasisi, anandipatsa kangolo koyendera mabatire kosunthira matumba a chimanga m'shedi. Kanali ndi kandodo kamodzi: ukakankha kankapita kutsogolo, ukakoka kankabwerera m'mbuyo. Ntchitoyo ndi imene inatipatsanso nyumba m'komboni, ine, mkazi wanga ndi khanda lathu.

Kandodoko katayamba kulira, ndinatsegula kabokosi kapansi pake n'kupakamo girizi mosaumira. Ndinadzitama ndithu. Patatha masabata awiri, m'mawa wina kangolo kanakana kubwerera. Kutsogolo kokha kankapita, mpaka kanakatsamira khoma ndi matumba ake omwe.

Kapitawo wathu sanachulutse gaga m'diwa. "Bwana abwela masana. Akapeza aka kangolo kafa, umange katundu wako."

Ndinachita mantha kwambiri. Ndinathamangira kwa mdala wina wokonza mathirakitala pafamupo, munthu wosadziwa kufulumira. Anabwera akukoka miyendo, ine mtima uli m'mwamba.

"Kusogolo kayenda?" anandifunsa.

"Kayenda, atate."

"Ndiye mabatire ali bwino, na injini ili bwino. Vuto ili pamene kasankhila njila."

Anamasula waya wa batire, n'kuyamba kutsata mawaya ena ndi chala, mmodzimmodzi, kufuna woduka kapena wokhwepa. Sanamupeze. Kenako anatsegula kabokosi kaja. Girizi wanga anali atamwa fumbi la chimanga n'kusanduka phala lakuda. Mdalayo anandionetsa timikuwa tiwiri toyenera kukhudzana kuti moto upite chobwerera. Tinali titamira m'phalamo.

"Anapaka ivi nindani?"

Bodza linafika pakhosi, koma ndinalimeza. "Ndine, atate."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu uku akuseka. "Mwana wanga, aka sikakokewa na ng'ombe. Moto suyenda mu girizi."

Anapukuta timikuwato ndi sanza yonyika m'parafini, natipala pang'ono mpaka tinawala. Timikuwato titauma anabwezera waya n'kundiuza kuti ndikoke kandodo. M'kabokosi munamveka kuti tha, kangolo n'kuyamba kuchoka pakhoma pang'onopang'ono. Mtima wanga unakhala pansi.

Kapitawo anafika n'kufunsa chomwe chinavuta. "Fumbi cabe," anatero mdala uja, akulongedza masipanala ake osandiyang'ana n'komwe.

Masana ndinapita kunyumba ndili wopepuka. Sindinadziwe kuti azimayi osoka matumba anali atafikitsa kale mawu a kapitawo kukomboni. Ndinapeza mkazi wanga atamanga mapoto m'chitenje, mphasa ataipinda, mwana ali kumbuyo.

"Masulani, amake mwana. Sitiyenda kulikonse."

Anakhala pamtolo womwewo n'kuyamba kulira, ndipo mfundo ya chitenje chija ndinaimasula ndekha.