Mpando Womwe Ayub Anapereka

Ku Cato Manor khoma la nyumba ndi lata limodzi, choncho Ayub ndinayamba kumudziwa ndi makutu ndisanamuone nkhope. Ndinkamumva akuswali, akuseka ndi mkazi wake Halimah, akukangana ndi wailesi pa nkhani za mpira. Ine ndine Enelesi wa ku Ntcheu, ndimachapa ndi kukolopa m'nyumba za eni kuno ku Durban, ndipo anthu amati ndili ndi pakamwa. Zoona ndili napo, ndipo lero ndipagwiritsa ntchito, chifukwa mwini nkhaniyi sanganene. Ulemu unamumanga lilime kalekale.

Ayub anachokera ku Namwera, m'boma la Mangochi. Anali mwamuna wathupi, wonyamula thumba la simenti paphewa uku akukufunsani za ana kunyumba. Anabwera kuno ndi Che Rahman, alongo awo a mayi ake. Kwa anthu a kumeneko malume ndi zonse. Ndiwo anamuperekeza ku jando, ndiwo anakamufunsira mbeta, ndiwo anamudutsitsa malire onse mpaka kufika ku Durban. Che Rahman akalowa m'nyumba, Ayub ankanyamuka ngakhale chakudya chili m'kamwa.

Ntchito anaipezanso ndi amalumewo. Kampani ina ya alonda ya m'tauni muno inkalondera mafamu a kumapiri, kumalire ndi Lesotho, kumene akuba ng'ombe amatsika ndi kukweranso ngati kwawo. Tinaseka tsiku limene tinamva, kuti munthu wodumpha malire a eni tsopano akukalondera malire. Kampaniyo inagula tigalimoto takale tomwe asilikali anasiya. Ayub anationetsa chithunzi pa foni: kanthu kobiriwira, kopanda zitseko, kopanda galasi, denga la mapaipi, matayala onenepa, mipando iwiri basi. Ankati asilikali akamadutsa njira zomwezo amakhala awiriawiri, atamanga malamba, ndipo nawonso amatsika akugwira m'chiuno. Koma kampani inaona kuti anthu awiri ndi ochepa, inaikamo atatu. Woyendetsa anali Mzulu. Mpando wotsala unali umodzi, ndipo wachitatu ankakhala kumbuyo pa bokosi lachitsulo la masipanala, pamwamba penipeni pa tayala.

Kapitawo anawauza kuti azisinthana, lero wina pampando, mawa mnzake. Alonda ena onse ankachita zimenezo, ena mpaka kutukwanizana pofuna mpandowo. Koma inu mukuganiza kuti mwana wa ku Namwera angakhale pa khushoni amalume ake ali pa chitsulo? Tsiku loyamba Ayub anapukuta mpando ndi chipewa chake, n'kukwera kumbuyo. Che Rahman anakhala pansi bwinobwino, ndipo sananyamukenso. Zaka zinadutsa, munthu wamkulu osatembenuka ngakhale kamodzi kufunsa kuti kumbuyoko kuli bwanji. Apa mpamene mtima wanga umawawa. Mwana kupereka mpando ndi mwambo, koma wamkulu kukana tsiku lina ndi mwambonso, ndipo umenewo Che Rahman anausiya ku Mangochi.

Kumapiriko kulibe msewu, kuli miyala. Kagalimoto kakagunda mwala, a pampando amangogwedezeka, wa pa bokosi amaponyedwa m'mwamba n'kugwera pa chitsulo ndi msana. Kakatitimira m'matope, wotsika kukakankha anali Ayub. Pomwe sikangakwere, woyenda wapansi kutsata mapazi a ng'ombe anali Ayub, m'chisanu chomwe chimang'amba milomo. Akabwera kudzapuma, ankatsika minibasi pang'onopang'ono ngati wasenza beseni lodzaza madzi. Halimah anandinong'oneza pampopi kuti mkodzo wa mwamuna wake ukutuluka ndi magazi, ndipo kuti amamanga chitenje chake m'chiuno mkati mwa yunifolomu. Kenaka ndinasiya kumva maondo ake akugunda pansi pa nthawi yoswali. Anayamba kupemphera chokhala ngati nkhalamba, munthu wopanda ndi imvi imodzi yomwe.

Ndinamuuza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anangoseka, amvekere zili bwino achemwali, ndi kutopa chabe.

Mwendo wamanzere utayamba kuchita dzanzi, ine ndi Halimah tinamukokera kuchipatala. Pamzere ululu unamugwira, ndinaona milomo yake ikufuna kunena kuti mayo ine, koma anayang'ana anthu otizungulira n'kumeza, kenaka anati eish. Ngakhale kubuula ankabuula m'chinenero cha eni. Dokotala anamujambula msana ndipo sanazungulire. Anati mafupa a m'munsi aphwanyika ndipo akupana mitsempha ya miyendo. Anati akakweranso kagalimoto kaja, asadzadabwe miyendo ikadzasiya kumumvera. Abwana a Halimah atamva anapereka mpando wakale wokhala ndi potsamira ndi pogwira manja, ndipo unali mpando wokhawo m'chipinda chawo. Ayub anakhalapo milungu ingapo, dzanzi linayamba kuchepa, anayambanso kukangana ndi wailesi.

Loweruka lina masana Che Rahman anatulukira. Ndinali pakhomo ndikuyanika zovala, ndipo ndinaona ndi maso angawa Ayub akudzikoka pampando paja, thukuta lili kamukamu, n'kukakhala pa kileti ya zakumwa. Amalume anakhala, anatsamira, anayamikira kuti mpandowo ndi wofewa. Kenaka anayamba kudandaula. Anati kampani yawapatsa mlonda wina wofuna kusinthana mpando, ndipo iwo chitsulocho sangachithe pa msinkhu wawo. Anati kapitawo wayamba kunena kuti akalamba, ndipo Ayub akapanda kubwerera awachotsa. Za dokotala anazimva, koma anati madokotala a kuno amakonda kuopseza.

Ndinalowa osaodira. Ndinawauza kuti chitsulo chomwe chawakanika m'masabata ochepa mwana wa mlongo wawo wachikhalira zaka. Ndinawafunsa ngati adzamunyamule iwo popita kuchimbudzi. Halimah ankandikoka chitenje. Che Rahman sanandiyang'ane n'komwe, anayang'ana Ayub.

"Ndine ndinakudutsitsa Limpopo, iwe. Lero ndizinyozedwa ndi amayi a eni m'nyumba mwako?"

Ayub anaweramitsa mutu. "Pepani amalume. Lolemba tinyamukira limodzi."

Ndinatuluka. Ndinakwiyira kampani yoika anthu atatu pa mipando iwiri, ndinakwiyira mkulu uja, koma kunena zoona amene ndinkafuna kumugwedeza mapewa anali Ayub yemweyo. Lolemba m'mawa ndinamumva kuseri kwa lata akumuuza Halimah kuti amange chitenje mothina.

Mwezi sunathe. Anabwera naye Ayub atamugoneka kumbuyo kwa bakki, pikapu ya kampani, pa makatoni. Woyendetsa Mzulu uja ndiye anamunyamula kulowa naye m'nyumba, ndipo ndiye anatiuza kuti kagalimoto kanadumpha mwala potsetsereka, Ayub anagwera pa bokosi lake monga mwa masiku onse, koma ulendo uno atati atsike, miyendo inangolendewera. Munthuyo ankapukusa mutu, akuti iye anawauza kambirimbiri kuti asinthane. Kuchipatala anamusunga, anayesa zomwe anayesa, kenaka anamubweza. Halimah anasiya ntchito kuti azimusambitsa ndi kumutembenuza. M'mawa uliwonse ine ndi iye timamukweza pampando uja, mmodzi mbali iyi wina mbali iyo, mwamuna amene ankanyamula simenti akucheza.

Che Rahman anatenga nthawi kuti abwere kudzazonda. Tsiku lomwe anafika ndinali momwemo, ndikuthandiza Halimah kusintha zofunda. Anaodira, analowa, anapereka salamu, kenaka anaima pakati pa chipinda. Sanayang'ane kileti, sanayang'ane mkeka. Anangoima, manja kumbuyo, monga anazolowera kuima kwa zaka zonsezi, kudikira.

Ayub anagwira pogwira manja pa mpando, anakankha ndi mphamvu zonse mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka. Thupi linanyamuka pang'ono n'kugweranso pomwepo. Anayesanso kachiwiri. Miyendo inali phee pansi, mapazi atapotokera m'kati.

"Mundikhululukire amalume," anatero. "Ndikanakupatsani."