Miyendo Isanu ya Kabokosi Kakuda

Chaka chimene ndinabereka mwana wathu woyamba, bambo ake anali atatenga kale pasipoti. Akulu awo amene ali ku Joni ankaimba foni pafupipafupi kuti malo alipo, angobwera. Iwo sankafuna kupita, inenso sindinkafuna. Koma ntchito yawo yokonza mafoni pamsika wa ku Mangochi inali itazilala, okonza atachuluka kuposa mafoni owonongeka. Tinagwirizana chinthu chimodzi: nkhani ya nyali za asodzi ikatheka, akhala. Ikakanika, apita.

Kwathu ku Nkope asodzi a usipa anasiya nyali za palafini. Masiku ano siginala, munthu wokopa nsomba ndi kuwala, amanyamula mababu ndi batire m'bwato mwake. Vuto lake, mababu amayamwa batire mpaka kuuma, ndipo batire likauma kangapo limafa. Mkulu wina wa kumpingo kwathu, mwini maboti, anali atatopa nako kugula mabatire. Bambo a mwana anamupangira kachipangizo kozimitsa mababu batire lisanaume. Anakalumikiza ndi mawaya m'kabotolo, kanagwira bwino, koma chinyezi cha panyanja chinkadya mawayawo.

"Mundipangire zolimba, mwana wanga," anatero mkuluyo. "Za pabodi, ngati za m'wailesi. Zikakhala bwino, anzanga onse mpaka ku Nkopola ndiwauza ndine."

Bodi ndi kathabwa kobiriwira kaja ka m'kati mwa wailesi, kokhala ndi tinjira ta mkuwa. Munthu amajambula pa laputopu, n'kutumiza kunja kuti akamupangire. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ntchito yanga ndi kusoka. Koma tebulo pakhomo linali limodzi, ndiye makina anga ndi laputopu yawo zinkakhalira limodzi pakhonde, ndipo zambiri ndinkaziona ndili ndi mwana kumsana.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti timadontho tambirimbiri tinali pagalasipo n'chiyani.

"Kachipangizo kalikonse kali ndi miyendo," anatero. "Pabodi pamafunika timabowo pamene miyendoyo iponde, osaphonya ngakhale pang'ono. Amati futiprinti, phazi lake. M'pulogalamu muno muli nkhokwe ya mapazi, ndimangosaka loyenera."

"Ndiye tsiku lonse mukusankhira tizinthuti nsapato, mwana wanu ali chosavala?"

"Mayi a mwana, inu sokani. Za ophunzira zisiyeni."

"Ophunzira amene anandifunsira ndi buluku long'ambika kumatako?"

Anaseka mpaka kutsokomola.

Mapazi onse anawapeza, kupatula limodzi. Panali kabokosi kakuda ka miyendo isanu, ankati rileyi, kamene kamalira kuti tha! kakamazimitsa mababu. Anakazula m'chimakina chamagetsi a dzuwa chakufa chimene anapatsidwa ku loji ina. Kuno ndi mmene timapezera zipangizo: chikafa chinthu, ziwalo zake zimakakhala m'chinthu china. Nambala ya pamsana pake inali itapsa theka. Anasaka pa intaneti mpaka bandulo kutha, ofanana nako anali ambiri, koma wotsimikizika panalibe. Anajambula kabokosiko pafoni n'kutumizira wogulitsa zipangizo ku Limbe. Iye anayankha kuti tilipo tambiri, n'timodzimodzi.

"Basi, phazi ndijambula ndekha," anatero.

Anabwereka choyezera cha mano awiri kwa wokonza njinga zamoto. Ine ndinagwira kabokosiko, poti manja anga sanjenjemera, iwo n'kumayeza kuchokera mwendo uwu kufika uwo, kubwerezabwereza. Akayeza, amaika kadontho pagalasi. Mwana akalira ndinkamuyamwitsa, tikatero n'kuyambiranso. Titamaliza ndinawauza kuti ife osoka sitidula nsalu ya mwini tisanadule pepala. Anandiyang'ana, n'kuvomera. Mawa lake anakasindikiza chojambulacho kuboma, kukula kwake kwenikweni. Ndinaboola timadontho tonse tisanu ndi singano yanga, n'kukhazikapo kabokosi. Kanalowa myaa, osakakamiza.

"Mwaona?" ndinatero. "Pasipoti ija muipatse mbewa."

Tsiku limenelo ndimalikumbukira kwambiri kuposa tsiku la ukwati wathu.

Chojambulacho anachitumiza kunja, n'kuitanitsa marileyi ku Limbe. Tinadikira nthawi yaitali ndithu. Mwera unawomba n'kuleka. Mkulu uja akakumana nane kutchalitchi ankangoti, "Zili pati, mayi?" ine n'kumati zili m'njira. Kenako mabodi anafika, kudzera kwa msuweni wa bambo a mwana wa ku Blantyre amene anawakweza minibasi, pamodzi ndi kathumba ka marileyi atsopano a ku Limbe. Mabodiwo anali okongola, osalala, obiriwira ngati tsamba la mpiru. Apongozi anga anatenga limodzi n'kulipsompsona.

Bambo a mwana anayamba ndi kabokosi kakale kaja. Kanalowa. Anatenga katsopano. Miyendo itatu inalowa, iwiri inaponda pambali pa mabowo. Anatembenuza, anakankha ndi chala chachikulu, ayi. Anatenga kena, chimodzimodzi. Anakhuthula thumba lonse patebulo, onse chimodzimodzi.

"Wa ku Limbe uja wandipusitsa," anatero.

Koma sanawapusitse. Titaika kakale ndi katsopano pamodzi padzuwa, matupi anali ofanana ndendende. Iwo anapala mtovu wakale umene unamatirira kumiyendo ya kakale kaja, ndipo pansi pake tinaona kuti miyendo iwiri inali yopindidwa patsinde, mwaluso, n'kuwongoledwanso kunsonga. Ife sitinali oyamba kukazula. Wokonza wina, kaya wa kuti, anakachotsa m'chinthu china kalekale n'kukapinda kuti kakwane m'chimakina cha ku loji chija. Kuyeza kwathu konse kunali koona, pepala langanso silinaname, koma tinayeza kolumala.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti pa tatsopanoto nambala inkaoneka bwinobwino. Atailemba m'pulogalamu muja, phazi lake linatuluka nthawi yomweyo. Linali m'nkhokwemo nthawi yonseyi. Tikanangoitanitsa kamodzi katsopano tisanajambule, bwenzi zonse zili bwino. Koma kabokosi tinali nako m'manja, kakugwira ntchito, ndani akanaganiza zokayikira chinthu chimene akuchiona ndi maso?

Sanagonje msanga. Anayesa kupinda miyendo ya tatsopano monga anachitira mnzawo wosadziwikayo, koma ina inkathyoka, ina inkang'amba pansi pa kabokosi, polowera chinyezi. Anayesa kuboola mabowo ena, choboolera chinadula tinjira ta mkuwa. Zolumikiza ndi mawaya zinali kubwerera komwe tinachokera. Kujambulanso bwino kunangowatengera masana amodzi, koma kuti akapangitsenso mabodi kunja, mphamvu inali itatha. Makina anga osokera ndinawauza kuti tigulitse. Anakana.

"Ndikagulitsa makinawa, zikakanikanso, mudzadya mabodi?"

Mkulu uja anabwera yekha pakhomo. Anakhala pampando, anatenga bodi, analitembenuza uku ndi uku.

"Ntchito ndiye mumaidziwa, mwana wanga. Koma usipa sudikira munthu. Mphwanga wabweretsa tizipangizo tina topangidwa kale, ndiyamba ndayesa timeneto."

"Ndi bwino, bambo," anayankha bambo a mwana, maso ali pansi. Ine ndinamuperekeza mkuluyo mpaka kumsewu, monga mwa ulemu.

Bambo a mwana ananyamuka ulendo wa ku Joni mvula isanagwe. Laputopu anaiika m'chikwama pakati pa malaya, anati kumeneko akapeza njira yopangitsira mabodi olondola, adzabwera nawo. Panopa amagwira ntchito yotsuka magalimoto. Amaimba foni Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, amatumiza thandizo, sindingawanamizire. Mwezi wina ndinalimba mtima n'kuwafunsa za chojambula chija.

Anati laputopu inagulitsidwa asanafike n'komwe, pa chipata china cha m'malire panafunika kudyetsa anthu kuti adutse.

"Nanga kumudziko usipa ukugwidwa?" anafunsa.

Ndinati ukugwidwa.