A Mabotolo, Amene Ankabweza Juwisi Pakhomo

Mumpingo muno aliyense ankangowatchula kuti a Mabotolo. Anabadwira m'banja losauka, momwe shuga ankaoneka kukabwera alendo basi, ndipo ali mwana ankanyambita pepala la shuga mpaka kulibowola. Atakula anapeza ntchito yotsuka mabotolo obwerera kufakitale ya zakumwa zotsekemera. Mtima wawo unatembenukira kumeneko.

Zimene ankapeza m'mabotolomo si zokamba munthu akudya. Mphemvu zofa zitatupa m'timadzi tonanda totsalira pansi, ntchentche zitamatirira kukhosi kwa botolo, nkhungu yakuda bii. Fungo lake linkawatsata mpaka m'tchalitchi, momwe ankasesa Loweruka lililonse. "Chinthu choti mphemvu imalowamo yokha n'kufera momwemo, ine ndichithire m'kachisi wa Mulungu?" ankatero. Anzawo ankangoseka, uku akugugudiza.

Mayesero anafika pamene mayi a kunyumba anapezeka ndi matenda a shuga. Chala cha kuphazi chinada, chinayamba kununkha, madokotala n'kuchidula. Anachenjeza kuti kadyedwe kakapanda kusintha, phazi lonse litsatira. A Mabotolo ndiwo ankatsuka balalo, pemphero lili pakamwa. Anagwada pambali pa bedi n'kulonjeza Mulungu kuti shuga sadzalowanso m'nyumbamo, ndipo iwonso anamusiya kuti mkazi wawo asavutike yekha. Jamu anatuluka, mabisiketi anatuluka, ngakhale juwisi wa m'mapaketi ojambulidwa zipatso zokongola uja. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," ankatero. "Wofuna lalanje asende, atafune."

Koma vuto lalikulu linkabwera litavala bwino, likuimba nyimbo za Mulungu. Amayi oyendera odwala ankafika ndi majumbo odzaza juwisi ndi makeke, a Mabotolo n'kuwaimika pakhomo.

"Pepani amayi, pemphero lilowe, jumbo itsale panja."

"Aa! Mphatso imabwezedwa? Mwatiyesa afiti kapena?"

"Ayi, ndinu okonda. Koma lowani kuchipindako mukamve fungo lake la chikondi chimenechi."

Zitatero mbiri inawanda kuti ndi munthu woumira, akupha mkazi wake ndi njala. Ena anasiya kuwapatsa moni. A Mabotolo ankangotsuka makapu misonkhano ya mpingo ikatha, akukanda matope a shuga omata pansi pa kapu iliyonse, nkhope atakwinya. N'zochititsa manyazi kuti anthu ankadalitsa tiyi wotereyu asanamwe.

Tsiku lina akusesa kuchipinda anaona nyerere zitandanda mzere kulowera kunsi kwa bedi. Anawerama n'kutulutsa botolo lomwedwa theka, limene mlamu wawo analowetsa mobisa. Anakalikhuthula m'chimbudzi.

"Bambo, mukufuna ndife kukamwa kuli zii?" analira mayiwo.

A Mabotolo anakhala pansi, nanyamula phazi lomangidwa bandeji lija n'kuliika pamiyendo pawo. "Mayi, ine ndikufuna tsiku langa likadzakwana mudzandiperekeze ndi mapazi anu, osati anthu akukukankhani panjinga."

Kuyambira pamenepo ankamwera limodzi tiyi wowawa m'mawa uliwonse, mayi akudandaula, bambo akuyamika Ambuye. Pang'onopang'ono bala linauma, ndipo madandaulo aja anasanduka nthabwala za m'nyumba. Anakalamba choncho, tsache la m'tchalitchi lisanachoke m'manja mwawo.

Ambuye anawaitana mwakachetechete Lamlungu lina masana, atakhala pampando, kapu ili pambali, pansi pake poyera mbee. Patsiku la maliro ana anabwera ndi galimoto kuti amayi awo akwere, koma iwo anakana.

"Ndisiyeni. Mapazi awa ndi a bambo anu."

Anavala nsapato zonse ziwiri, n'kuyenda kumbuyo kwa bokosi mpaka kumanda.