Nsomba Zanga pa Maliro a ku Chibavi

Masiku amenewo ndinkagulitsa nsomba mumsika wa Mzuzu, ndipo ndinkadziwika ndi zinthu ziwiri: pakamwa ndi changu. Pa nkhani yonenerera mtengo panalibe wondiposa. Ndinayesapo kunenerera ngakhale khadi la chipani, kamodzi kokha.

M'mawa wina, kukuwaza kamvula, ndinalandira dengu la nsomba zaziwisi za ku Nkhata Bay, zosafuna kuchedwa nazo. Ndinalimanga panjinga n'kudulira ku Chibavi. Pamsewu anali atayala masamba, kusonyeza kuti pali maliro, ndipo aliyense amadziwa kuti pamenepo wanjinga amatsika, wachipewa amavula. Masambawo ndinawaona. Ndinacheukira dengu langa. Ndinapalasa.

Sindinapite patali. Amuna anayi anatuluka pasiwa n'kugwira njinga. Mmodzi wa iwo, mkulu waimvi wovala jekete lomukulira, anandilonjera ngati tinapangana kukumana.

"Monire, adada. Mukuthamangira kuti? Amene wagona umu nayenso anali wothamanga."

"Pepani bambo, masamba sindinawaone."

"Koma mwawazemba bwino chomene, munthu wosawaona."

Anagamula kuti njinga ikhala pomwepo mpaka maliro ataikidwa. Apo ndinayamba ntchito yanga. Ndinati ndisiya nsomba ziwiri. Chete. Zitatu. Chete. Ndinachita ngati ndikuchoka, monga ndinkachitira kumsika kuti wogulitsa andiitane. Palibe anandiitana, ndipo njinga inali m'manja mwawo. Ndinabwerera ndekha n'kukhala pabenchi.

Ine yemweyo ndinkaima padzuwa m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa, kuombera m'manja akuluakulu odutsa pagalimoto osatiyang'ana n'komwe. Koma kutsikira malemuyu, amene ndinamva kuti anali wonyamula katundu padepoti ndipo tsopano anali pa ulendo wake womaliza, ndinaona ngati kutaya nthawi.

Mvula inakata, dzuwa linatuluka, ntchentche zinalipeza dengu. Olalikira anali atatu, ndipo aliyense anayamba ndi mawu akuti "mwachidule". Wachiwiri asanamalize, mphuno yanga inandiuza kuti pofika madzulo nsombazo zikhala za agalu. Kuseri kwa nyumba amayi ankaphika kabichi wa madzi ndi mchere basi.

Ndinanong'oneza mkulu wajekete uja: "Bambo, kaperekeni dengulo kwa amayiwo, aphike."

Ndisaname, sichinali chifundo. Ndinkapereka zotayika kale.

Nthawi ya zolengeza, mkulu wa mpingo anaimirira n'kunena kuti pali mlendo wina, wosamudziwa n'komwe malemuyu, amene watsika panjinga yake n'kupereka dengu lonse la nsomba. Anthu ananditembenukira, ena akugwedeza mitu. Mkulu wajekete ankayang'ana mitambo.

Titachokera kumanda, mkazi wa malemuyo anabwera atagwiriziridwa ndi anzake, n'kugwada pamaso panga kundithokoza.

"Yewo, adada. Ana anga adya lero."

Ndinafuna kuulula. Koma sindinatero. Ndinangoti, "Pepani, amama," ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo sindinkanenerera kanthu.

Njinga anandibwezera dengu lili mbee. Ndinaikankha wapansi mpaka kupitirira masamba, n'kupitirizabe choncho mpaka kunyumba, sindikudziwa chifukwa chake.

Vuto ndi loti mbiri inafala. Kuyambira pamenepo, ku Chibavi kukagwa maliro, uthenga unkandipeza kumsika: akawauze adada achifundo aja. Ndinayesa kufotokoza kuti anandinamizira, koma ankati ndi kudzichepetsa. Ndinkangomanga nsomba zingapo, zabwinobwino tsopano, n'kupita.