Besi Yoopa Chiperoni

Amuna anga anabwera kunkhondo ndi chijasi cholemera ndi gitala yothyoka khosi. Chijasicho chinatha ndi njenjete. Gitalayo anaiphwasula pakhonde, n'kumasuzumira m'kati mwake ngati mmene timaonera m'mimba mwa nkhuku, mpaka anadziwa mapangidwe ake. Kuyambira pamenepo khasu ankaligwira ngati lobwereka.

Kwathu ku Kadewere mwamuna amadzakhala kwa mkazi, ndiye iwo anali mkamwini, ndipo maso a amalume anga sankachoka pa iwo. Anzawo onse anali atapita, ena ku Halale, ena ku Joni, akazi awo n'kumakalamba ali okha. Ine ndinkafuna anga akhale. Ndinkadziwanso kuti akhala pokhapokha magitalawo atatidyetsa.

Poyamba zinkayenda. Ankasema mlombwa, zingwe n'kutenga waya wa mabuleki a njinga, anyamata n'kumabwera kuchokera ku Boma ndi ku Mbulumbuzi. Kenaka masitolo a Amwenye ku Limbe anadzaza magitala onyezimira, ndipo aliyense wobwera kutheba, kumigodi ya ku Joni, ankatsika sitima atakolekera yake. Athuwa anayamba kuchita fumbi kudenga.

"Ang'onoang'onowa andilanda," anatero amuna anga. "Koma ya mawu aakulu musitolo mulibe."

Ndiye anapanga besi. Bambo awo anali osema ng'oma, mwa aja anachokera kwa Apwitikizi, ndipo dzanja limenelo linali mwa mwana wawo. Anaboola chipika ngati mtondo, anakungapo chikopa cha ng'ombe, n'kuikapo mtengo wautali ndi waya mmodzi wonenepa. Unali mwezi wotentha, mango asanapse. Atakoka wayayo ndili kuseri ndikupeta, ndinaimva m'chifuwa ndisanaimve m'makutu. Nkhuku zinabalalika.

Oimba anayamikira. Mmodzi, wamtali, wovala chipewa chopendekera amene ankaimba m'maholo a ku Limbe, anaigwira n'kunena kuti, "Amwene, iyi si besi, mwatsekeramo ng'ombe yamphongo." Amuna anga atapanganso zina, iye anatenga imodzi, anzake n'kutengako zotsalazo. Chaka chimenecho ndinavala nsalu yatsopano, ndipo amalume ankadutsa pakhomo osatsokomola.

Koma inu mukudziwa dziko lathuli. Ikafika nyengo yozizira phiri limasowa, chiperoni n'kumawaza osaleka, ngakhale mchere umalira m'chikho. Chikopa nachonso chimamwa chinyezi n'kukhwefuka. Mabesi aja anayamba kubwerera pamitu ya eni ake.

"Besi yanu ili ngati nkhalamba," anatero wachipewa uja. "Kukangozizira yayamba kufuna moto."

"Ng'oma iliyonse amaiwamba, achimwene. Udzu pang'ono, lawi, n'kusisita ndi dzanja, yadzuka."

"Ife timaimba mu holo ya simenti. Motowo tikoleze pati, pamutu pa mwini holo? Anzathu angotenga bokosi la tiyi, ndodo ndi chingwe, likulira mvula ndi dzuwa lomwe."

"Bokosi la tiyi limalira ngati munthu akugogoda pakhomo pa eni ake."

"Koma limalira."

Ine ndinawachonderera amuna anga kuti aikepo thabwa m'malo mwa chikopa. Anayesa, anakoka waya kamodzi, n'kulichotsa thabwalo. Ndinawatenthetsera madzi osamba.

Mwayi womaliza unali ukwati wa ku Mbulumbuzi. Wachipewa uja anati akaimba ndi besi yatsopano, ndipo ikakhala bwino tsiku lonse auza magulu ena a m'tauni. Amuna anga anasankha chikopa chabwino, anachipala mpaka kuwala. Tinanyamuka m'mawa kuthambo kuli mbee, iwo atasenza besi, ine mwana kumsana. Tikufika, mphepo inatembenuka, ndipo pomwe akwati ankatuluka m'tchalitchi nkhungu inali itatsika mpaka m'nandolo.

Nyimbo zoyamba besi inalira, anthu n'kumatembenuka kufuna kuona chikubangulacho. Kenaka inayamba kufwenthera. Amuna anga anathamangira kunkhokwe kukasolola udzu wouma. Wachipewa sanadikire. Iye anakulira m'tauni, kuwamba ng'oma anangokumva. Anaitsamiritsa pafupi ndi mafuwa pomwe amayi ankaphika nyama ndi zikuni zazikulu, n'kupita kukamwa thobwa.

Inaphulika ngati mfuti. Amayi anataya zipande, ana analira, kenaka bwalo lonse linaseka. Wina anakuwa kuti, "Ng'ombe ija yathawa!" Amuna anga anaima ndi udzu wawo m'manja. Ukwati unatha ndi bokosi la tiyi.

Amalume sanakalipe. Anangofika mawa lake n'kunena kuti, "Akamwini, anzanu akumanga nyumba za malata." Basi.

Sabata imeneyo amuna anga anakunganso besi ija ndi chikopa chotsala, anakhoma zikhomo zake modekha ngati pali wodzagula. Anaikoleka pamtanda wa m'nyumba.

"Amayi, kukazizira muziiwamba pang'ono. Udzu, osati nkhuni. Ndidzaipeze ili ndi mawu."

"Mudzabwera liti?"

"Nandolo wa chaka chamawa tidzathyola limodzi."

Anakwera sitima ku Limbe nandolo wa chaka chimenecho asanaume. Zaka zoyamba obwerera kumudzi ankati awaona ku Halale, akukhoma mipando m'nyumba ya matabwa ya mzungu, ndipo ankandipatsira bulangete kapena sopo. Ndikafunsa ngati akupangabe magitala, ankapukusa mutu. Kenaka obwerawo anayamba kunena kuti sanawaone. Mwana amene ndinabereka kumsana pa ukwati uja anakula, anakwatiwa, mkamwini wanga n'kumanga apo pali mapapaya.

Besi ilipobe. Mwezi wotentha chikopa chimadzikoka chokha, chimachita thethethe pamtanda masana, ndipo munthu akamenyetsa chitseko waya uja amang'ung'udza. Nthawi zina ndimayankha ndisanaganize.

Chiperoni chikayamba ndimaitsitsa. Yalemera masiku ano, kapena ndi manja angawa. Ndimayatsa kaudzu pakhonde, ndimadutsitsa chikopa palawi, n'kusisita mpaka chifunde. Kuimba sindidziwa. Ndimangokoka waya kamodzi ndi chala chachikulu, kuti ndimve ngati mawu alimo, n'kuibwezera pamalo pake.