Chingwe Choyezera Matayala

Chaka chimene ndinali mu giredi seveni, maso a atate anayamba kuchita nkhungu. Sanauze munthu aliyense. Ine ndinadziwa chifukwa sindilankhula kwambiri, ndimangoyang'ana, ndipo zimene ndaona ndimalemba m'kabuku kanga. Tsamba la tsiku limenelo lili ndi mzere umodzi wokha: lero atate awerenga tayala ndi chala.

Atate anagwira ntchito zaka zambiri m'galaja ya kampani ya mabasi. Kampaniyo itatsekedwa, ngati mmene ankatsekedwera ena ambiri masiku amenewo, anabwera kunyumba ndi jeke, masipanala ndi ovolosi. Anamanga kashedi ka malata m'mbali mwa msewu wolowa mu Kanyama n'kuyamba kukonza matayala. Panalibe amene ankagula tayala latsopano. Anthu ankabwera ndi lotha mpaka mawaya kuonekera, n'kupempha chigamba pamwamba pa chigamba chinzake. Mashedi ngati athu anali ambiri mumsewu womwewo, poti amuna ochotsedwa ntchito anali ponseponse. Chimene chinkabweretsa madalaivala a minibasi kwa atate chinali dzina. Ankati mudala uja sanalakwitsepo saizi. Ndinkadziwa kuti tsiku limene adzamve kuti mudalayo saona bwino, adzapitirira kukaima pa shedi yotsatira.

Pakhoma la tayala lililonse pamakhala manambala atatu. Yoyamba imanena kutambalala kwake, yachiwiri kutalika kwa khoma, yachitatu kukula kwa rimu. Anthu ambiri kwathu amangoyang'ana yomalizayo. Tayala likalowa pa rimu, basi, galimoto iziyenda. Atate ankadana nazo zimenezo. Ndili wamng'ono anandionetsa chingwe cha khonje chimene chinkakhala pamsomali m'shedimo. Anati kapitawo wawo wakale ankazunguliza chingwe pa tayala, n'kumanga mfundo pamene chakumana, ndipo tayala lina lililonse linkayenera kufika pamfundoyo. Atate anali atasiya kuchigwiritsa ntchito, poti anyamata ankaseka kuti ndi nzeru zakumudzi. Chinasanduka chidole changa. Loweruka ndikapita kukawathandiza kusesa, ndinkayeza nacho matayala onse ogona pansi, popanda chifukwa.

Loweruka lina m'nyengo ya mvula, msewu utasanduka mtsinje, anthu anakankhira pashedi pathu galimoto yabuluu, yaifupi ngati yagwada, ya mapaipi awiri kumbuyo. Ana onse a mumzere wathu anaithamangira. Mwini wake anali bambo wachinyamata wovala nsapato zoyera, amene anabwera kudzaona azakhali ake odwala. Anagwera m'dzenje lobisika ndi madzi, tayala lakutsogolo n'kung'ambika pakhoma, pamene sipalowa chigamba.

Atate anavula matayala onse awiri akutsogolo kuti aone ngati chitsulo chapindika. Anasisita labwinolo kwa nthawi yaitali. Linali ndi timing'alu tambirimbiri m'mano mwake, mphira wake wofewa, ndipo pakhoma panali chithunzi cha kaphiri kokhala ndi kanyenyezi m'kati. Anandiuza kuti limeneli ndi tayala la kumaiko ozizira, kumene kumagwa chipale chofewa, ndipo galimoto zogula kunja zogwirapo kale ntchito zimafika zitavala omwewo. Chipalecho ndinkangochidziwa m'buku la kusukulu. Ndinakhudza kanyenyeziko ndi chala chodzaza matope, n'kumaganiza za msewu woyera umene tayalali linayendamo lisanafike m'madzi a Kanyama.

Bamboyo anali ndi changu. "Bamudala, ni tayala imozi chabe. Ikaniko iliyonse yamene ingangene pa rimu."

Atate anamufotokozera pang'onopang'ono kuti galimoto yake imakoka ndi mawilo onse anayi. Wilo limodzi likakula kuposa anzake, limazungulira mochedwa, ndipo zitsulo za pansi zimayamba kulimbana mpaka zimadyana. Anati n'chimodzimodzi anthu anayi onyamula bedi, mmodzi atavala nsapato zazitali. Bamboyo anaseka, navomera kuti tikafune lofanana, la kozizira lomwelo, la mano otsala ngati anzakewo. Anawerenga yekha manambala mokweza, atate nagwedeza mutu. Pamene iwo ankalankhula, ine ndinali nditazunguliza kale chingwe changa pa tayala labwino lija ndi kumanga mfundo, mwachizolowezi chabe. Ndinachiika m'thumba la siketi.

Atate anati ndiwaperekeze kuti ndikawagwirire ambulera. Tinayenda atatu, tikudumpha pamiyala imene anthu amaika m'madzi, mpaka kubwalo la matayala a salaula, ogwirapo kale ntchito, kufupi ndi msika. Nsapato zoyera zija zinafika zili zofiira. Pabwalopo panali milu yaitali kuposa nyumba yathu, ndipo pabenchi panakhala madalaivala atatu a minibasi odikira kuti mvula ikate. Awiri anali makasitomala a atate. Anawalonjera mwaulemu, mmodzi n'kuuza bambo wa galimoto uja kuti wagwira fundi weniweni.

Wogulitsa anakwera pamulu n'kugwetsa tayala limodzi. Linali lokongola, mano akuya, kaphiri ndi kanyenyezi zili pomwepo. "Yamene iyi, ba fundi. Seventini. Na mumatope igwila monga nkhalamu."

Atate anawerama, nasendeza nkhope pafupi, kenaka chala chawo chinayamba kuyenda pamanambala ngati akuchotsa dothi. Kunja kunali mdima wa mitambo. Nambala yapakati inali itakhulika pamene tayalalo linakhudzapo mwala, koma ine ndinaiona bwinobwino. Pa galimoto panali 45. Apa panali 55. Atate anadzuka nati ndi lomweli. Mwini galimoto sanayang'ane n'komwe, anali kupukuta nsapato ndi pepala.

Kukalasi, aphunzitsi akanditchula dzina mawu amandithawa, ngakhale yankho ndikulidziwa. Apa panali amuna asanu ndi atate. Ndikanati atate mwalakwitsa, madalaivala aja akanayang'ana tayala, kenaka maso a atate, ndipo pofika madzulo nkhani ikanakhala itafika pasiteshoni. Ndikanakhala chete, galimoto ikanawonongeka m'masabata ochepa, bamboyo n'kubwera kudzakuwa pashedi pathu anthu onse akumva. Wogulitsa anali atayamba kale kuligubuduzira kuchipata.

Ndinapisa m'thumba. Sindikumbuka kuti ndinaganiza. Ndinagwira mkono wa ovolosi ya atate n'kunena motsitsa kwambiri, "Atate, mwaiwala chingwe chanu."

Anatembenuka. Ndinawaika chingwecho m'dzanja, chala chawo n'kupeza mfundo ija. Kenaka anauza wogulitsa kuti adikire, iwo sagula tayala asanalimange lamba.

Madalaivala anaseka. Mmodzi, amene anaseka kwambiri, anati mudala wabwera ndi telala wake. Atate anaseka nawo, nagwada m'matope, nazunguliza chingwe pakati pa mano a tayala, ine nditagwira nsonga. Mfundo sinafike. Panatsala mpata woposa chikhatho changa. Atate anakweza chingwecho kuti onse aone, nafunsa wogulitsa ngati akufuna kuti galimoto ya mwana wa eni iziyenda motsimphina. Wogulitsa anawerama, nawerenga, nakanda m'mutu. Anati nayenso anangoyang'ana seventini, nambala ya rimu ija. Dalaivala amene anaseka uja anadzuka pabenchi kudzaona mpatawo ndi maso ake, n'kuimba kaluzu.

Tinatha nthawi yaitali pabwalopo. Wogulitsa ankagwetsa, atate ankayeza, ine ndinkagwira nsonga. Ndikaona manambala olondola ndinkakoka chingwe pang'ono, ndipo atate ankamva. Tayala lachisanu ndi chiwiri linafika pamfundo ndendende, kanyenyezi kake kali pomwepo. Atate analisisita m'kati monse kufuna zigamba zobisika, nauza mwini galimoto kuti mphira wofewa umenewu umagwira bwino mvula koma umasungunuka ndi phula la mwezi wa Okutobala, choncho dzuwa likadzabwerera adzasinthe onse anayi pamodzi. Pobwerera ndinaligubuduza ndekha m'madzi, siketi yonse kunyowa.

Galimoto itapita, ana akuithamangira, atate anakhala pa tayala lakale la lole limene linali mpando wawo. Ine ndinayamba kutola masipanala. Mvula inali itakata, achule akulira m'ngalande.

"Mama, unaona liti?"

Amanditcha mama chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo. Ndinayankha kuti mvula isanayambe. Anafunsa ngati ndinauza amayi kunyumba, ndinati ayi, ndinangolemba m'kabuku. Anaseka pang'ono, napukuta nkhope ndi nsanza imene inawasiyira mafuta pamphumi. Anati ankaganiza kuti abisa bwino. Anabisadi bwino, palibe wina anaona. Ndinangotenga nsanza ina yoyera n'kuwapukuta pamphumipo, iwo atatsinzina.

"Amayi ako ndiwauza ndekha lero," anatero. "Si katundu wa mwana ameneyu."

Anawauzadi, ndipo patapita masabata awiri amayi anawaperekeza kuchipatala kukaima pamzere wa anthu a maso. Dzina lawo linalembedwa, koma tsiku linali patali, ndipo shedi sinatsekedwe podikira. Chingwe chija sichinabwerere pamsomali. Chinakhala m'thumba la ovolosi, chakuda ndi mafuta, mfundo zikumangidwa ndi kumasulidwa tsiku lonse. Lolemba lotsatira Loweruka lija, dalaivala amene anaseka uja anaimika minibasi yake pashedi pathu ndi matayala awiri a salaula, n'kunena kuti sawaika mudala asanawamange lamba.

Ndinamva zimenezo nditabwera kuchokera kusukulu, atate akundiuza uku akudya chimanga chowotcha chimene ndinawagulira panjira. Ananyema pakati, nandipatsa mbali yokhala ndi njere zambiri. Sindidziwa ngati anaiona kapena anaimva ndi chala.