Utsi unathamangira kuseri kwa kabati yanga

Inu owerenga, ine ndine mayi wa nyimbo, pamtondo ndimaimba, kumunda ndimaimba, koma lero ndikuimba mlandu wanga. Ndinapasula banja la mwana wanga ndi njerwa zinayi.

Mwana wanga Armando, wogwira ntchito kunjanji, anamanga nyumba ku Cuamba, ya siling'i, ya magalasi, naikamo makina ozizitsa. Atabwera kudzanditenga ku Ngauma, ine nthungululu njira yonse mu chapa, kaminibasi kathu kaja! Koma ife amene tinathawapo nkhondo sitigona m'chipinda cha khomo limodzi. Ndinagumula njerwa zinayi m'munsi mwa khoma, pothawira, n'kukankhirapo kabati, ine phee.

Nyumba osazizira. Makina kulira tsiku lonse, magetsi kutha ngati mchere m'madzi. Armando ankakalipira mkazi wake Luisa kuti amasiya zitseko pululu. Kodi ine ndinaulula? Ayi, ndinasonkhezera moto. Posesa ndinkaimba kuti mpongozi wobadwira m'khola chitseko sachidziwa. Luisa apo n'kuti ali ndi pakati. Tsiku lina Armando anamuwomba mbama, iye n'kukwera sitima wa kwawo ku Entre Lagos. Ndinavina, inu, ndinavinadi.

Nyumba osazizirabe. Armando anaitana tekiniko woyeza mpweya wothawa m'nyumba. Bamboyo anatseka mawindo onse, pakhomo anamatapo lona, pakati pa lonayo chifani chachikulu chokankhira mphepo m'kati, pambali kawotchi kowerenga. Kenaka anayatsa kautsi nayenda nako chipinda ndi chipinda. Pa zitseko zimene ankanamizira Luisa utsi unaima chilili. M'chipinda changa unawerama, n'kuthamangira kuseri kwa kabati ngati mbewa.

"Agogo, kani kuno kuli khomo lachiwiri?" anaseka tekiniko.

Armando sanaseke. Tsiku lomwelo anandibweza ku Ngauma, nazula chitseko cha kanyumba kanga ndi manja ake. "Amayi, si mumakonda pothawira? Nayo mphepo, yonse ndi yanu."

Tsopano Luisa wabereka mwana wamkazi, lululu, ndine gogo ine! Ndamupekera nyimbo zitatu, koma nkhope yake sindinaione. Luisa anatumiza mawu oti mwana wa m'khola alibe agogo.

Apongozi anzanga, mukadziwa kuti bowo ndi lanu, ululani mwana wa eni asanamenyedwe. Ine ndinadikira kuti utsi undinenere, ndipo utsi supepesa.